Anamukana muphwa wanga chifukwa chosowa khadi la ubatizo

Muphwa wanga anabwera kudzakhala nane ku Bangwe ali Sitandade 5. Mayi ake, omwe ndi mlongo wanga, anatsatira amuna awo ku Joni, ndiye mwana anatsala m'manja mwa ine mwini mbumba. Alamu angawo ndi Asilamu a ku Mangochi, pamene ife kwathu ndife Akhristu. Mwanayu Lachisanu amapita ku msikiti, akaweruka kusukulu amapita ku madrasa, ndipo pakhomo panga palibe amene anamuuzapo kuti asiye. Zonse zinkayenda bwino mpaka pamene anakonda ng'oma.

M'dera lathu muli mpingo wina umene unayambitsa gulu la achinyamata. Si limodzi mwa magulu odziwika aja monga Scouts, Girl Guides, Boys' Brigade kapena Pathfinder ayi. Ndi gulu la pamalo pomwepa, loyambitsidwa ndi akuluampingo amene anatopa kuona ana akuswera m'mavidiyo sho. Ali ndi bandi ya malipenga ndi ng'oma, Loweruka masana amaguba pa bwalo la sukulu ya pulaimale ya boma, ndipo tchuthi chikafika amapita kokagona kumsasa. Muphwa wanga anayamba ndi kuima m'mbali mwa bwalo kumangoonerera. Tsiku lina mnyamata woimba ng'oma yaing'ono ija atajomba, wophunzitsa bandi anamukodola n'kumupatsa timitengo. Kuyambira pamenepo pakhomo panga panasowa mtendere. Anasema timitengo take ta nsungwi, ndowa ya akazi anga ikangotha madzi ankaivundikira n'kuyamba kuiwomba kuseri kwa bafa, mpaka pansi pa ndowayo panachita timaenje. A landilodi anadandaulapo, ine ndinkangoseka.

Anakhala m'gulumo nthawi yopitirira chaka. Dzina lake linali m'kaundula, ndalama ya mwezi ndi mwezi ndinkapereka, ya yunifolomu ndinaperekanso, ndipo telala anali atamuyesa kale. Atsogoleri onse ankadziwa kuti ndi Msilamu, dzina lake lokha limanena.

Kutatsala sabata imodzi kuti apite kumsasa ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, anawerenga mayina a opita pamaso pa ana onse. Lake munalibe. Atafunsa, anamuuza pomwepo kuti akabwere ndi khadi la ubatizo kapena kalata ya abusa. Anabwera kunyumba, timitengo tija anaponya pamwamba pa kabati, nsima anakana.

M'mawa mwake ndinapita kwa mtsogoleri wa gululo, bambo waulemu ndithu, wogwira ntchito kufakitale ina ku Makata. Tinapatsana moni, anandipatsa mpando.

"Amalume, musatimve molakwa," anatero. "Mwanayu timamukonda, ndipo pa ng'oma palibe womuposa. Koma lamulo likuti gululi ndi la ana ampingo."

"Nanga bambo, pamene munkalandira ndalama ya yunifolomu lamulolo linali kuti?"

"Linalipo, kungoti sitinkalitsata kwenikweni."

Ndinapempha kuti andionetse lamulolo papepala. Apa m'pamene ndikufuna kholo lililonse limvetse, chifukwa pa zonse zimene ndinachita, chimene chinatsegula njira ndi chimenechi. Munthu ukakwiya umafuna kukangana za chilungamo, za chikondi cha Mulungu, za tsankho. Pa zimenezo aliyense ali ndi yankho lake ndipo mukhoza kutsutsana mpaka dzuwa kulowa. Koma pepala silisintha mawu. Anandizungulitsa, lero ati lili ndi alembi, mawa ati alembi apita kumaliro ku Thyolo. Sindinakalipe, ndinkangobwerabwera. Mapeto ake anandipatsa timapepala totha, tolembedwa pa taipi ya kale. Cholinga cha gulu chinalembedwa poyera kuti ndi kulera ana m'njira ya Chikhristu. Koma pa gawo la olowa m'gulu panalembedwa kuti ndi ana a m'dera lino amene makolo awo avomera. Za ubatizo panalibe ngakhale liwu limodzi. Mfundo ya khadiyo inali m'buku la zokambirana za komiti yatsopano, ya miyezi ingapo yapitayo. Chinayambitsa si chiphunzitso ayi. Malo m'basi ya kumsasa anali ochepa, malipenga analinso ochepa, ndipo makolo ena ampingo anadandaula kuti ana awo akutsala pamene ana akunja akupita.

Nkhani itamveka m'dera, alangizi anachuluka. Anzanga kusitolo kumene ndimagwira ntchito ku Limbe ankati ndiiponye pa Facebook ndi dzina la mpingo, ena ati ndiimbe foni ku wailesi. Ambiri ankati, "Pitani kukhoti achimwene, a Rasta anawina." Zoona, mu May 2023 khoti lalikulu ku Zomba, pamaso pa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti kukaniza ana a Chirasta sukulu chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko lino. Ena ankakumbutsa za mkangano wa hijabu umene unabuka ku Balaka mu 2019, umene unadzafika pa mgwirizano mu 2021 bungwe la Public Affairs Committee litakhazika pansi atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu. Ine ndinayamba kuona ngati nkhani yanga ndi yomweyo.

Amene anandizizira mtima ndi mnzanga wina wa ku sekondale, amene anaphunzira zamalamulo. Tinakumana pa chiimilire cha chipisi pafupi ndi msika wa Limbe, ndipo anandiuza mosapsatira kuti nkhani ziwirizo ndi za sukulu. Sukulu ya boma, kapena ya mishoni yolandira aphunzitsi a boma, ndi khomo limene mwana aliyense ayenera kudutsapo, ndipo maphunziro ndi ufulu wolembedwa m'malamulo. Bandi ya mpingo si choncho. Anati gawo 20 la malamulo aakulu limaletsadi kusala munthu chifukwa cha chipembedzo, mtundu, chilankhulo, kulumala ndi zina, ndipo gawo 15 limati maufuluwa ayenera kulemekezedwa ngakhale ndi anthu wamba ndi mabungwe pamene akuwakhudza. Koma buku lomwelo pa gawo 32 limapatsa anthu ufulu wopanga magulu awo, pa gawo 33 n'kupereka ufulu wachipembedzo. Mpingo ukaima pa magawo awiriwa n'kunena kuti gulu lathu ndi lophunzitsira chikhulupiriro chathu, uli ndi poponda. "Ukalowa kukhoti," anatero, "pomwe mlandu uzidzatha mwanayo ali ndi ndevu."

Anandisimbira za ku America, kumene nkhani yotereyi inafika pamwamba penipeni. Mnyamata wina dzina lake James Dale, yemwe anakulira mu Boy Scouts of America mpaka kukhala wothandizira mtsogoleri ku New Jersey, anachotsedwa mu 1990 zitadziwika kuti ndi mwamuna wokonda amuna anzake. Anasuma, ndipo khoti lalikulu la New Jersey linamukomera. Koma mu June 2000 khoti lalikulu la dziko lonselo, majaji 5 kwa 4, linati bungwe loima palokha lili ndi ufulu wosankha amene akuliimira, boma silingalikakamize. Kuchokera pamene anachotsedwa, nkhaniyi inatenga zaka 10 ndipo wosumayo anagonja.

Chimene chinandigwira mtima ndi zimene zinatsatira. Bungwelo linawina kukhoti, koma ena mwa amene ankalithandiza anayamba kubweza dzanja. Mzinda wa Berkeley ku California unali utasiya kupatsa a Sea Scouts, nthambi ya bungwe lomwelo yoyenda pamadzi, malo aulere oimikapo maboti padoko la mzindawo, ndipo mu 2006 khoti lalikulu la California linati mzindawo sunalakwe: gulu likhoza kusankha anthu ake, koma mzinda sukakamizidwa kulipatsa zaulere zochokera m'thumba la anthu onse. Kusintha kololeza anthu ngati Dale kunadzabwera ndi voti ya eni ake omwe, mu 2013 pa anyamata ndi mu 2015 pa atsogoleri, kenako mu 2018 ndi 2019 anatsegulira atsikana. Ndipo sikunali kwaulere, chifukwa mpingo wa Mormon, umene unali ndi magulu ochuluka zedi m'bungwelo, unatulukamo kumapeto kwa 2019.

Nkhani ya Dale ndi yosiyana ndi ya muphwa wanga, ndipo ndikudziwa kuti ambiri kuno akangomva mutu wake amatseka makutu. Koma ine ndinatolapo funso limodzi limene ndinabwerera nalo ku Bangwe: bwalo limene amagubapo ndi la yani, nanga malipengawo anagula ndani?

Bwalo ndi la sukulu ya boma, ndipo gululo silinkalipira kanthu. Ndinapita kwa ahedi, mayi wachikulire amene waphunzitsa theka la Bangwe. Sindinapite kukawaneneza, ndinangofunsa kuti bwalolo analipereka pa mfundo zotani. Anati komiti ya sukulu inavomera chifukwa inauzidwa kuti ndi zothandiza ana onse a m'dera, ambiri mwa iwo ana a pasukulu yomweyo. Atamva za khadi la ubatizo anavula magalasi n'kuwaika patebulo. "Bambo," anatero, "pasukulu pano ndili ndi ana a ku msikiti, a Katolika, a Sabata, a Mboni, a Rasta. Sindingalole kuti ena aziguba, anzawo ataima kuseri kwa mpanda pa bwalo lawo lomwe." Za malipenga ndinazimva kwa msungichuma wakale. Ng'oma zinagulidwa ndi zopereka za mpingo, koma malipenga anachokera ku bungwe lina lothandiza, ndipo kalata yopemphera thandizolo inanena za ana ovutika a m'dera lonse. Kope la kalatayo anali nalo m'chikwama cha mapepala a nyumba yake.

Sindinagwiritse zimenezi poopseza. Ndinalemba kalata ya tsamba limodzi kwa komiti, kope n'kupereka kwa abusa ndi kwa ahedi. Ndinalembamo tsiku limene mwana analembedwa m'kaundula, ndinamatapo malisiti, ndinatchula mawu a m'malamulo awo omwe, n'kupempha kuti tikhale pansi. Malisiti sungani, abale anga. Ife Amalawi ndalama ya kutchalitchi timangopereka ngati chopereka cha Lamulungu, osafunsa kapepala. Akanakhala kuti akazi anga sasunga timapepala m'chitini cha mabisiketi, ndikanangokhala ndi pakamwa pokha.

Mwanayo sindinamutengere ku zokambirana zilizonse. Ena ankati abwere kuti akuluakulu amuone n'kumva chisoni. Ndinakana. Anali atachita kale manyazi pamaso pa anzake, ndipo mwana wa zaka 12 si chikwangwani choti akulu azikanganirapo.

Msonkhano unachitikira m'kalasi, ife akuluakulu titapanikizika m'madesiki a ana. Panali abusa, komiti, ahedi, a bulokolida ndi makolo angapo. Ndinkayembekezera kuti wonditsutsa kwambiri akhala mmodzi mwa makolo odandaula za basi aja, koma anaimirira ndi mkulu wampingo wina wa imvi zokhazokha, wopuma pa ntchito ya njanji. Mawu ake sindidzawaiwala, ngakhale ankatsutsana nane. Anati iye anakula nthawi ya Payoniya. Anaona achinyamata ataima pa chipata cha msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi la chipani, anaona a Mboni za Yehova akuthamangitsidwa boma litawaletsa mu 1967, mpaka kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Nthawi imeneyo, anati, achinyamata onse ankayenera kuyang'ana kumodzi, ndipo ngakhale Scouts inazilala mpaka inadzayambiranso mu 1996, asilikali atathana kale ndi Payoniya pa Operation Bwezani mu December 1993. "Tinavotera matipate mu 1993 kuti aliyense akhale ndi gulu lake. Lero mukatiuza woti timulandire, mawa mudzatiuza choti tiphunzitse. Kodi ine ndingatumize mdzukulu wanga ku madrasa n'kukawauza kuti asamamuwerengetse Korani?"

Mkuluyu sankanama, ndipo amene amaganiza kuti aliyense wotseka chitseko ndi wankhanza sanakhalepo m'komiti. Gulu lopanda malire limasungunuka. Boys' Brigade pamene William Alexander Smith ankaiyambitsa ku Glasgow mu 1883 inanena poyera kuti cholinga chake ndi kukuza ufumu wa Khristu pakati pa anyamata, ndipo palibe angaidzudzule chifukwa chonena chimene ili. Ndinamuyankha kuti, "Agogo, sindikupempha kuti musiye kupemphera, kapena kuti muchotse mtanda pa mbendera. Ndikupempha zinthu ziwiri. Lamulo limene mwana analowera lisasinthidwe iye ali kale m'kati popanda kuuza makolo ake. Ndipo ngati gululi ndi la ana obatizidwa okha, nenani choncho kwa ahedi ndi kwa amene anakupatsani malipenga, iwo asankhe okha." Chodabwitsa n'chakuti munthu amene ankadana kwambiri ndi khadi la chipani ndi amene ankateteza khadi lina, koma zimenezo sindinanene pagulu. Si ulemu.

Mayi wina wa m'chigwirizano cha amayi, amene ana ake awiri ali m'bandi momwemo, ndiye anatembenuza mphepo. Anati, "Abusa, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa maliro a amuna anga, mwana ameneyu ndiye anaimba ng'oma kuchokera kunyumba mpaka kumanda, dzuwa lili pamutu. Tsiku limenelo palibe anamufunsa khadi." M'kalasimo munangoti zii.

Panali china chimene ineyo sindinachiganizire. Usiku wa tsiku lomwelo alamu anga anaimba pa WhatsApp kuchokera ku Joni, ndipo nditawafotokozera mmene ndamenyera nkhondo mwana wawo, anafunsa modekha kuti, "Alamu, kodi lumbiro limene amalumbira povala yunifolomulo limati chiyani?" Nditawawerengera, anati ng'oma aziimba, kumsasa azipita, koma mawu olonjeza kutsata Yesu ngati Mbuye mwana wawo asawanene. Ndiye kuti mbali zonse ziwiri zinkagwirizana pa chinthu chimodzi osadziwa: mpingo sunkafuna kuti Msilamu alumbire zimene sakhulupirira, bambo akenso sankafuna. Mufunseni kholo linalo musanapite patali, makamaka m'mabanja athu a zipembedzo ziwiri.

Mnzanga wa zamalamulo uja anali atandiuzanso kuti ku Britain a Scouts akhala ndi mawu a lonjezo osiyana a Asilamu, Ahindu ndi Abuda kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira January 2014 anawonjezera ena a anthu osapembedza. Ndinaitchula pa msonkhano wachiwiri, koma abusa anati Scouts si mpingo, iwo lumbiro lachiwiri sangalembe. Ndinaona kuti akunena zomveka. Chimene tinagwirizana ndi china. M'gulumo mukhala ana olumbira, amene ndi ampingo, ndi ana otchedwa abwenzi a gulu. Abwenziwa amaimba m'bandi, amaguba, amapita kumsasa, amavala yunifolomu yomweyo kupatula baji ya mtanda. Pa nthawi ya mapemphero amakhala chete mwaulemu koma sakakamizidwa kutsogolera. Sangasankhidwe kukhala atsogoleri a gulu. Malo m'basi amatsata amene wakhala akubwera Loweruka mokhulupirika ndi amene walipira msanga. Zonsezi zinalembedwa, abusa ndi ahedi anasaina, ndipo kholo lililonse limapatsidwa pepalalo mwana asanalembedwe.

Sindinganene kuti ndinakhutira ndi zonse. Mfundo yoti sangakhale mtsogoleri imandiwawa, chifukwa muphwa wanga ndi amene tsopano amaphunzitsa ana atsopano kagwiridwe ka timitengo, koma wolamula pa perete ndi mnzake amene iye anamuphunzitsa. Iye mwini sizimudetsa nkhawa monga mmene zimandidetsera ine, kapena amangobisa. Ulendo wa ku Likhubula unamudutsa, ndipo atauzidwa kuti abwerere anakhala milungu ingapo akukana. Sindinamukakamize. Anabwerera yekha wophunzitsa bandi uja atabwera kunyumba kudzamupepesa pamaso pathu, chinthu chimene sindinapemphe koma chinachita zambiri kuposa pepala losainidwa lija. Kumbali inayo, mabanja awiri ampingo anachotsa ana awo m'gulu ponena kuti lasanduka la aliyense, ndipo bambo wina wa m'komiti mpaka lero tikakumana pa siteji ya minibasi amayang'ana kumbali.

Amene angakumane ndi zotere adziwenso kuti si gulu lililonse limene lingagwidwe ndi funso la bwalo ndi malipenga. Likanakhala kuti limakumana m'tchalitchi mwawo, ndi zida zogula okha, ndipo linanena kuyambira pachiyambi kuti ndi la ana ampingo, ndikanamupezera mwanayo kwina, ndipo ndikanachita bwino kutero kusiyana n'kumukankhira pamalo pamene sakufunidwa. Koma pamene mwana wakanidwa chifukwa cha kulumala, khungu lachialubino kapena mtundu wa makolo ake, imeneyo si nkhani ya chiphunzitso cha gulu, ndipo sindingalangize munthu kuti angonyengerera. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo otere popanda kulipira, ndipo ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya boma ku Blantyre imaona nkhani zokhudza ana.

Chitsekocho chitatseguka pang'ono, analowa ana ena a ku msikiti, wa Katolika mmodzi, ndi mnyamata wa Chirasta amene komiti inayamba yakambirana za chipewa chake. Anagwirizana kuti azimanga tsitsi kumbuyo, chipewa chizikhala pamwamba. Panopa mkangano umene uli pa tebulo ndi wa atsikana. Amaloledwa kuguba ndi kunyamula mbendera, koma malipenga ndi ng'oma akuti ndi za anyamata, ndipo mayi wa chigwirizano uja wapempha kale kuti amuonetse pamene zimenezo zinalembedwa. Alembi akuti buku lili kwa msungichuma.